Mmene mungachenjezere oyenda pansi ndi wotchi yolimbitsira thupi pothamanga kapena popalasa njinga

Munthu woyenda pansi alibe maso kunkhongo. Iye akungodziyendera, mwina ali pa macheza ndi mnzake, mwina watseka makutu ndi nyimbo, ndiye inu balamanthu pambali pake muli wefuwefu, kapena njinga fyuu ngati mphepo. Munthuyo amadzidzimuka n'kudumpha, ndipo kawirikawiri amadumphira mbali yomweyo imene inu mwasankha kudutsira. Ine zinandionekerapo tsiku lina kusanache bwino. Ndinkathamanga m'kanjira kopapatiza, kutsogolo kuli bambo ena achikulire, ndipo ndinati ndiwalambalale mwakachetechete kuti ndisawasokoneze. Atangomva mapazi anga pafupi anatembenuka n'kulowa momwe ine ndimadzera. Tinagwirana mapewa ngati anthu odziwana kalekale. Palibe amene anagwa, koma diso limene anandiyang'ana nalo ndimalikumbukirabe.

Pamkono panga panali wotchi yodziwa kugunda kwa mtima wanga, mtunda umene ndathamanga, ngakhalenso mmene ndagonera usiku wake. Za bambo aja inalibe nazo mawu. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mawotchi amenewa anawapanga kuti aziyankhula ndi mwini wake. Ikanjenjemera, limamva ndi khungu lanu lokha. Ikalira, kulirako n'kwa khutu limene lili pafupi ndi mkono. Kuti ithandize munthu amene ali mamita 20 kutsogolo kwanu muyenera kuikonza dala, komanso kudziwa pamene mphamvu zake zathera.

Yambani mwaona zimene chida chanu chili nazo

Khalani pansi ndi wotchiyo muone kuti pa zinthu zitatu izi ili ndi ziti: kulira, kuwala ndi kunjenjemera. Kunjenjemera pafupifupi zida zonse zili nako, ngakhale tizibangili towerenga mapazi tija. Pa kulira ndiye pali kusiyana kwakukulu. Mawotchi ena amangoti tii tii, ena ali ndi sipika yeniyeni yoti n'kuyankhulirapo foni. Kuwala nakonso kuli pawiri. Pali mawotchi amene amangoyeretsa galasi lonse kuti mbee, monga Apple Watch, ndiye pali ena okhala ndi tochi yakeyake m'mbali, monga Garmin Fenix 7X imene inatuluka mu 2022 ndi ena amene anabwera pambuyo pake.

Opalasa njinga ali ndi chida china, kakompyuta komangirira pamahandulo. Sikovala pathupi, koma poti kamagwira ntchito limodzi ndi wotchi ndi lamba wa pachifuwa woyeza kugunda kwa mtima, tikawerengere pomwepo. Mu 2024 Garmin inatulutsa Edge 1050 ndipo Wahoo inatulutsa Elemnt Ace, ndipo zonse ziwiri zili ndi sipika komanso belu lamagetsi lopangidwira ntchito yomweyi yochenjeza anthu. Ngati muli ndi chimodzi mwa zimenezi, theka la ntchito yanu latha kale.

Kenako yesani ndi mnzanu, musangokhulupirira khutu lanu

Gawo ili ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limatsegula maso. Pezani mnzanu mupite naye panja. M'nyumba ayi, chifukwa makoma amabweza mawu n'kukunamizani kuti wotchi ikumveka kwambiri. Mnzanuyo akufulatireni, ndipo mugwirizane kuti akamva kulira akweze dzanja. Bwererani mapazi 5 mulize. Kenako mapazi 10, 15, 20 mpaka 30, osamuuza nthawi imene mulize. Pamene dzanja lasiya kukwera, pamenepo ndiye malire a chida chanu.

Musalekere pomwepo. Bwerezani iye akuyenda, chifukwa mapazi ake ndi zovala zake zimachita phokoso. Bwerezaninso atavala mahedifoni nyimbo zikuimba, kenako pafupi ndi msewu wodutsa magalimoto. Mudzaona malire aja akubwerera m'mbuyo nthawi iliyonse. Chifukwa chake n'chodziwika: pamalo opanda makoma, mawu amachepa ndi madesibelo (muyeso wa kukula kwa mawu) pafupifupi 6 mtunda ukawirikiza kawiri. Kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita 16 ndi kuwirikiza kawiri maulendo anayi, kutanthauza kuti madesibelo 24 atayika m'njira. Kakulira kamene kamakusokosani inu pamkono kamafika kwa mnzanu ngati udzudzu, ndipo mphepo ikamachokera kutsogolo sikafika n'komwe.

Funsaninso mnzanuyo kuti atamva anaganiza kuti chalira n'chiyani. Yankho lake ndi lofunika kuposa mtunda. Anthu ambiri akamva tii tii amapisa dzanja m'thumba kuyang'ana foni yawo. Kulira kwa belu la njinga kokha ndi kumene aliyense, mwana ndi wamkulu yemwe, amadziwa kuti kukutanthauza chinthu chobwera kumbuyo.

Werengerani mtunda wolizira

Ine ndimapereka masekondi 5. Si lamulo la wina aliyense, ndi mmene ndaonera kuti munthu amafuna nthawi yoti amve, azindikire, acheuke, kenako asunthe popanda kuthamangitsidwa mtima. Tsono masekondi 5 ndi mamita angati?

Munthu woyenda bwinobwino amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola, omwe ndi mamita 1.4 pa sekondi. Wothamanga makilomita 10 pa ola amadya mamita 2.8 pa sekondi, choncho mpata wapakati pawo umachepa ndi mamita 1.4 sekondi iliyonse. Pa masekondi 5 ndi mamita 7 basi. Mtunda umenewu mawu a pakamwa amafika bwinobwino, ndipo wotchi ya sipika yabwino ikhoza kufikanso.

Panjinga nkhani imasintha. Pa makilomita 20 pa ola mukudya mamita 5.6 pa sekondi, mpata ukuchepa ndi mamita 4.2, ndiye muyenera kuliza muli pa mamita 21. Pa makilomita 30 pa ola ndi mamita pafupifupi 35. Tsopano yerekezani manambala amenewa ndi malire amene munapeza ndi mnzanu uja. Ngati chida chanu chinasiya kumveka pa mamita 12, chikukuuzani chinthu chimodzi: pakati pa anthu simungapalase makilomita 20 pa ola n'kumadalira chimenecho. Muchepetse liwiro kapena mupeze cholira kwambiri.

Chenjezo likhale pa batani, osati m'kati mwa menyu

Chala cha thukuta ndi galasi logwira ndi chala sizimvana. Mvula ikagwa kapena mukavala magolovesi ndiye zimaipiratu. Choncho chilichonse chimene mukufuna kuchenjezera anthu chiikeni pa batani lenileni lodina, ndipo chizichitika ndi kudina kumodzi kapena kuwiri. Pa mawotchi a Garmin okhala ndi tochi, kudina kawiri batani la LIGHT kumayatsa tochiyo, ndipo pamalo olembedwa Hot Keys mukhoza kupatsa mabatani ena ntchito imene mukufuna. Pa Apple Watch Ultra pali batani la Action, lalalanje lija, limene mungalisankhire ntchito yoyatsa tochi. Pa Apple Watch wamba tochi ili mu Control Center, tsamba la masetingi achangu, ndiye ndi bwino kuiyatsa musananyamuke.

Mukakonza, yesani kudina maso ali kutsogolo mpaka chala chizipita chokha. Mukamayang'ana pamkono ndiye kuti simukuyang'ana munthu amene mukufuna kumuchenjeza.

Kwa opalasa njinga ndinene mosapsatira: wotchi ya pamkono si belu. Kuti mudine batani la kumkono wamanzere muyenera kuchotsa dzanja lamanja pa handulo n'kulidutsitsa pachifuwa, pa nthawi yeniyeni imene zala zanu zikufunika pa mabuleki. Njinga imagwedera, ndipo mukufika pa munthu ndi dzanja limodzi. Belu la pa kakompyuta ndi labwinoko poti lili pakati pa mahandulo, komabe nalonso kawirikawiri limafuna kuti dzanja lisunthe n'kupeza pogwira pagalasi. Belu lachitsulo limalizidwa ndi chala chachikulu dzanja lili pomwepo. Pangano la ku Vienna la mu 1968 lokhudza kayendedwe ka pamsewu limanena kuti njinga ikhale ndi belu lomveka patali mokwanira, ndipo mayiko ambiri ali ndi lamulo lofanana ndi limeneli. Belu lamagetsi muliyese chowonjezera, lachitsulo musalichotse.

Ngati wotchi yanu ilibe belu

Pali njira yozungulira imene imathandiza othamanga. Mawotchi ambiri amatha kuyendetsa nyimbo za mu foni, kuziyambitsa ndi kuziimitsa. Jambulani kulira kwa belu la njinga pafoni, masekondi awiri kapena atatu. Ikani kajambulidweko pamndandanda wakewake wopanda nyimbo ina, ndipo zimitsani zoti kazibwerezabwereza. Lumikizani foni ndi kasipika ka Bluetooth kokhala ndi kopanira, mukapanire pachifuwa kapena palamba kakuyang'ana kutsogolo. Musananyamuke tsegulani kajambulidweko n'kukaimitsa, kenako tsegulani tsamba loyendetsera nyimbo pawotchi. Mukadina, belu lilira pasipika.

Zovuta zake zilipo, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu. Bluetooth imachedwerako pang'ono, komanso masipika ambiri akakhala duu kwa kanthawi amameza chiyambi cha mawu. N'chifukwa chake pojambula mulize belu kawiri, kuti loyamba likamezedwa lachiwiri limveke. Ngati mwalumikizanso mahedifoni, belu likhoza kulira m'makutu mwanu momwe, kutsogolo kuli zii. Ndiye pali mabatire atatu oti muziwakumbukira, la wotchi, la foni ndi la sipika. Ine ndinayesa njira imeneyi kwa kanthawi n'kutopa nayo. Pali tibelu tachitsulo tovala pachala ngati mphete, topangidwira othamanga, ndipo sitifuna kutchaja.

Chimodzi chokha musachite. Apple Watch Ultra ili ndi sailini ya madesibelo 86 imene kampaniyo imati ingamveke mpaka mamita 180. Imeneyo ndi yoitanira thandizo munthu akasochera kapena akavulala, ndipo kaliridwe kake ndi ka munthu amene ali pa ngozi. Kuiliza kumbuyo kwa gogo wina amene akungoongola miyendo ndi nkhanza, ndiponso kumazoloweretsa anthu kunyalanyaza kulira kumene tsiku lina kudzakhala kwenikweni.

Kuwala ndi kumene wotchi imachita bwino

Kukada kapena kusanache, kuwala kumafika pamene mawu safika. Munthu wokufulatirani saona tochi yanu, koma amaona pansi kutsogolo kwake pakuwala, ndiponso chithunzithunzi chake chikutalika n'kumagwedera. Ameneyo amacheuka yekha, ngakhale akhale wosamva kapena wotseka makutu ndi nyimbo. Kwa amene akubwera kutsogolo kwanu, kuwala koyenda ndi mkono kumamuuza msanga kuti uyu ndi munthu wothamanga, si nyale ya panyumba.

Pa Apple Watch, mukayatsa tochi n'kuseserezera chala cham'mbali mumapeza mitundu itatu: yoyera, yoyera yophethira ndi yofiira. Pothamanga sankhani yophethira, ndipo galasi liziyang'ana kunja. Pa mawotchi a Garmin a tochi muli njira yoti kuwala kuzitsatira kaponyedwe ka mkono, koyera mkono ukapita kutsogolo, kofiira ukabwerera m'mbuyo. Mukhoza kuikonza m'masetingi a kuthamanga kuti iziyaka yokha mukangoyamba. Valani wotchi pamwamba pa mkono wa jekete, apo ayi mudzathamanga ulendo wonse mukuunikira nsalu.

Mukayandikira munthu, lozetsani kuwala pansi, mamita angapo kutsogolo kwa mapazi ake. Kumuthira tochi m'maso usiku kumamuchititsa chidima kwa masekondi angapo, ndipo munthu amene sakuona amaima pomwepo kapena amaphonya phazi. Kuphethira kothamanga kwambiri kupeweninso pafupi ndi anthu, chifukwa kumasokoneza maso ndipo kwa ena odwala khunyu kukhoza kudzutsa matendawo.

Panjinga tochi ya wotchi siilowa m'malo mwa nyale. Dzanja likagwira handulo kuwala kumaloza kwina, komanso n'kochepa pa liwiro la njinga. Mukufunika nyale yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, zomangirira panjingapo. Fufuzani malamulo a kumene muli pa nkhani ya nyale zophethira. Ku Germany, mwachitsanzo, nyale zomangirira panjinga siziloledwa kuphethira.

Lolani kunjenjemera kuchenjeze inuyo

Tanena kuti kunjenjemera sikufika kwa woyenda pansi. Komabe m'maso mwanga ndi kumene kumamuteteza kwambiri, chifukwa kumagwira amene akubweretsa ngoziyo. Lowani m'masetingi a masewero amene mumachita, kuthamanga kapena kupalasa, mupeze pamene palembedwa Alerts. Ikani malire a liwiro, kuti mukawapitirira wotchi izikugwedezani. Nambala yake muitenge pa kuyesa kuja. Ngati belu lanu limamveka bwino pa mamita 15, gawani ndi masekondi 5, mupeza mamita 3 pa sekondi. Onjezani 1.4 ya woyenda uja, ikhala 4.4, omwe ndi makilomita pafupifupi 16 pa ola. Amenewo ndiwo malire anu m'njira yogawana ndi oyenda pansi.

Ngati wotchi yanu imalola, koperani masewero a njinga akhale awiri, ena a pamsewu opanda malire, ena a m'njira za anthu okhala ndi malire. Mukapanda kutero idzakunjenjemerani ulendo wonse mpaka mudzazimitsa chenjezolo ndi mkwiyo. Dziwaninso kuti liwiro loyezedwa ndi GPS limatsalira masekondi angapo, makamaka pansi pa mitengo ndi pakati pa nyumba zazitali, choncho potsetsereka musadikire kuti mkono unjenjemere.

Machenjezo ena onse a mauthenga ndi maimelo azimitseni pa nthawi ya masewero. Mkono ukamanjenjemera pa chilichonse, umasiya kumva chilichonse.

Makutu anu nawo akhale otsegula

Kuchenjeza ndi kukambirana. Munthu akhoza kukuyankhani kuti dikirani, pali mwana, kapena galu wathawa. Ngati simungathamange popanda nyimbo, gwiritsani ntchito mahedifoni odutsitsa mawu m'mafupa a m'mbali mwa khutu, monga a Shokz, amene satseka khutu. Apo ayi yatsani njira yolowetsa mawu akunja, imene pa AirPods Pro amaitcha Transparency, ndipo zimitsani yoletsa phokoso. Panjinga ine sindivala chilichonse m'khutu.

Opalasa ena ali ndi Garmin Varia, rada yoika kumbuyo imene imaona galimoto ikadali mamita pafupifupi 140 n'kudziwitsa wotchi kapena kakompyuta. Iyo siichenjeza oyenda pansi, koma imakuthandizani kudziwa ngati kuli bwino kupatukira mumsewu powalambalala. Kucheuka kusasiyidwe chifukwa cha iyo.

Tsopano muli m'njira, munthu ali kutsogolo

Choyamba ndi miyendo, osati batani. Siyani kupalasa, zala zipite pa mabuleki. Wothamanga afupikitse mapazi. Mukafika pa mtunda umene munawerengera uja lizani kamodzi kapena kawiri, kenako yang'anitsitsani munthuyo. Mutu ukapendekeka, phewa likasuntha, kapena akayamba kupita kumbali, ndiye kuti wamva. Musalizenso. Belu lolizidwa kasanu motsatizana silikunenanso kuti ndikubwera, likunena kuti choka.

Mukatsala mamita ochepa onjezani mawu a pakamwa, achidule: "Zikomo, ndidutse nawo." Kutchula mbali kuli ndi msampha wake. Mukati "kumanja" ambiri amamva ngati mwawauza kuti apite kumanja, n'kulowa momwe mukudzera. Ngati mukufuna kutchula mbali nenani chiganizo chonse, "Ndikudutsa kumanja kwanu," ndipo munene mukadali patali poti akasokonezeka mpata ulipo. Mbali yodutsira itsatire mmene magalimoto amapitirirana m'dziko limene muli, chifukwa ndi imene anthu amayembekezera. Siyani mpata wosachepera mita imodzi. Ngati mpata wotero palibe, khalani kumbuyo kwake mpaka njira itakula. Wotchi ilemba kuti kilomita imeneyo mwachedwa ndi masekondi 10, ndipo palibe amene adzakufunseni za masekondi amenewo.

Pali anthu amene belu limawachititsa zosiyana ndi zimene mukufuna. Mwana wamng'ono akamva belu amathamangira kwa mayi ake, ndipo ngati mayiwo ali tsidya lina la njira, adutsa kutsogolo kwa tayala lanu. Yang'anani kumene kuli wamkulu musanalize. Galu womangidwa chingwe chachitali akhoza kukhala mbali ina, mwini wake mbali ina, chingwe chitapingasa njira, ndipo madzulo chingwecho sichioneka. Anthu awiri oyenda limodzi nthawi zambiri amagawikana, wina uku wina uko, kenako mmodzi amasintha maganizo n'kubwerera kwa mnzake. Musadutse pakati pawo mpaka onse ataima. Munthu wosaona, wa ndodo yoyera, mawu a pakamwa amamuthandiza kuposa belu, chifukwa amamuuza kumene muli ndi chimene mukufuna kuchita, pamene tochi yanu kwa iye ilibe ntchito.

Pakona yobisika, pansi pa mlatho kapena potulukira kanjira kam'mbali lizani ngakhale simukuona munthu. Pamenepo masamu aja amatembenuka, chifukwa amene akubwera kutsogolo liwiro lake limaphatikizana ndi lanu. Pa makilomita 20 pa ola mpata umachepa ndi mamita 7 pa sekondi.

Nanga mwaliza, mwayankhula, munthu ali phee osacheuka? Muyeseni kuti sanamve, chifukwa mwina samva n'komwe. Tsikani pa liwiro la munthu woyenda, mufike pambali pake patali ndithu poti diso lake likuoneni, kenako mudutse. Mukakhala gulu, wotsogola yekha ndi amene alize, ndipo podutsa anene kuti muli angati: "Kumbuyoku kukubwera atatu." Anthu ambiri akaona woyamba wadutsa amabwerera pakati pa njira nthawi yomweyo, ndipo amene amawomba ndi wachiwiri.